Aganyu a Chakumadzulo: Kuwerenga Mateyu 20:1-16 Tili ku Neno

Mwa mafanizo onse amene Yesu ananena pofotokoza za Ufumu wa Mulungu, lovuta kulimeza kwa munthu wodziwa khasu ndi la aganyu a m'munda wa mphesa. Lili pa Mateyu 20, kuyambira vesi 1 mpaka 16, ndipo ndi Mateyu yekha amene analilemba. Kwa Maliko, Luka ndi Yohane simungalipeze. Nkhani yake ndi yaifupi. Mwini munda akulawirira kumsika kukafuna anthu, ndipo akupangana nawo dinari imodzi, ndalama yasiliva imene inali malipiro a tsiku lathunthu a munthu wamba. Akubwereranso cha m'ma 9 koloko, kenako dzuwa lili paliwombo, kenako 3 koloko, ndipo komaliza 5 koloko, kutatsala ola limodzi kuti anthu aweruke. Madzulo onse akulandira mofanana. Olawirira aja akudandaula, mwini munda akuwayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'matchalitchi mwathu fanizoli limamveka kawirikawiri pamaliro a munthu amene analapa ali kale pamphasa, pofuna kutonthoza anamfedwa kuti ngakhale wochedwa salandidwa malo. Tanthauzo limeneli ndi lakale ndithu. Origen, m'zaka za m'ma 200, ndi Papa Gregory Wamkulu, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 500, ankawerenga maola aja ngati nyengo za mbiri ya anthu kuyambira pa Adamu, komanso ngati misinkhu ya moyo wa munthu, kuyambira ubwana mpaka ukalamba. Sindikulikana. Koma likatsala lokha, limatinyamula msanga kuchoka kumsika ndi kumunda, kumene Yesu anaika nkhaniyo, tisanaone bwino zimene zikuchitika pansi. Yesu anafanizira Ufumu ndi zimene mwini munda uja anachita tsiku limenelo, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Tiyenera tsono kumutsatira m'mapazi, ulendo ndi ulendo.

Wowerenga wa ku Neno safuna womufotokozera za ganyu. Kumtunda, kwa Dambe ndi ku Nsambe, kumene kumazizira ndipo anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu, alipo olemba aganyu ndipo alipo olembedwa. Kumunsi, ku Lisungwi, ku Zalewa ndi ku Matope, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo mvula imadula msanga, mwezi wa Januwale ndi Febuluwale munthu amasiya munda wake uli thengo n'kukapalira wa mnzake kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Komanso kuno maganyu ambiri salipidwa powerengera tsiku. Amakupimira ndime kapena kukuwerengera mizere, ukamaliza ndiye ulandire. Malipiro ndi thukuta zimayendera limodzi m'maganizo mwathu kuposanso mmene zinalili ku Galileya. Choncho mlimi wa kwa Symon akamva kuti wogwira ola limodzi walandira zofanana ndi wogwira maola 12, mtima wake umaima kumbali ya odandaula aja. Akumva bwino. Fanizoli linapangidwa kuti litigwire pamenepo.

Mavesi 7 oyambirira, pafupifupi theka la fanizo lonse, sakunena za mphesa. Akunena za maulendo. Bambo uyu ali ndi kapitawo, amene tikumuona pa vesi 8, koma kumsika akupita yekha, kasanu konse. Munthu wachuma sachita zimenezi, amatuma. Alaliki ena amawonjezera kuti inali nyengo yokolola, mvula ili pafupi, mphesa zili pangozi yowola, n'chifukwa chake ankafuna anthu ambiri. Mateyu sakunena zimenezo. Palibe vesi ngakhale limodzi lotiuza kuti ntchito inachuluka kapena kuti anthu oyamba aja anachepa. Chimene wolemba akutchula mwini munda akafika pamsika ndi chimene maso ake aona: anthu ataima, opanda chochita. Chomutulutsa m'munda mobwerezabwereza, monga nkhaniyo yalembedwera, ndi anthu otsala kunja kwa mpanda.

Onaninso mmene pangano likuzimiririra dzuwa likamapendeka. Gulu loyamba lili ndi mgwirizano weniweni: ndalama yatchulidwa, mbali zonse ziwiri zavomera. Gulu la 9 koloko silikuuzidwa ndalama. Likungolonjezedwa kuti lidzapatsidwa choyenera. La masana ndi la 3 koloko likulowa mwa njira yomweyo. La 5 koloko silikulonjezedwa kalikonse, likungouzidwa kuti lipite kumunda. Zimenezi ndi zoona pa msika uliwonse wa ntchito: wolembedwa m'mamawa amatha kunenerera mtengo, chifukwa olemba akadali ambiri, koma wopezeka madzulo alibe pakamwa. Amangotsatira, n'kumayembekeza kuti mwina apatsidwa kena kake. Wowerenga naye akusiyidwa m'malere. Wamva mawu akuti choyenera, ndipo mumtima wawerengera kale: wa 9 koloko alandira magawo atatu a magawo anayi, wa masana theka, wa 5 koloko kangachepe. Fanizo lonse likukangana ndi masamu amenewa.

Pa vesi 6 ndi 7 pali kukambirana kumene ine ndimaona kuti ndiye mtima wa nkhaniyi. Gulu la 5 koloko ndi lokhalo limene likupatsidwa mpata wolankhula dzuwa lisanalowe. Mwini munda akuwafunsa chifukwa chimene akhalira tsiku lonse osagwira ntchito, funso lomveka ngati chidzudzulo, funso lomwe ife timafunsa anyamata ongokhala pasiteji. Iwo akuyankha mwachidule kuti sanapeze wowalemba. Mwini munda sakutsutsa, sakufufuza, sakuwapatsa uphungu wa kulimbikira. Akuwakhulupirira.

Kodi otsala pamsika mpaka 5 koloko amakhala ndani? Lole ikaima pa Zalewa kufuna onyamula matumba, wosankha amaloza achinyamata a mapewa otambalala. Mwini dimba akafuna otipula amadziwa kale makomo a anthu amphamvu. Otsala ndi agogo, wotsimphina, wotsokomola, wodwala khunyu amene anthu amaopa kuti angagwere m'munda mwawo, mayi wa mwana kumbuyo, mlendo wosadziwika kwawo. Mateyu sakuwafotokoza maonekedwe, koma akutiuza chinthu chimodzi chokwanira: anaima pamenepo tsiku lonse. Waulesi sachita zimenezo. Waulesi akaona kuti masana akwana palibe womulemba, amabwerera kukagona pamthunzi kapena kukakhala pa bawo. Awa anakhalabe, chifukwa kubwerera kunyumba chimanjamanja kunali koopsa kuposa manyazi oima pamsika. Madzulo olawirira aja adzadandaula za kutentha kwa dzuwa, ndipo zoonadi linawawotcha. Koma dzuwa lomwelo linawotchanso oima pamsika, kusiyana kwake n'kwakuti a m'munda ankadziwa kuyambira m'mawa kuti ana awo adya usiku umenewo.

Madzulo afika, ndipo malipiro akuperekedwa tsiku lomwelo. Myuda aliyense womvera Yesu anadziwa kuti apa mwini munda akungosunga lamulo. Levitiko 19:13 amaletsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa, ndipo Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti alipidwe dzuwa lisanalowe, n'kupereka chifukwa chake: ndi mmphawi, moyo wake wadalira pomwepo. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imafika ponena kuti malipiro obisidwa a okolola amafuula mpaka kwa Mulungu. Ndimakhumba mavesi amenewa akanamawerengedwa m'matchalitchi mwezi wa Januwale, chifukwa mawu akuti "ubwere mawa" kapena "ndikupatsa ndikagulitsa mbatata" amatuluka m'kamwa mwa Akhristu ambiri, ena mwa iwo akuluampingo ndi amayi a chigwirizano. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Waganyu amadziwa bwino kuti malipiro a mawa saphika nsima ya lero.

Chodabwitsa ndi dongosolo la kalipiridwe. Mwini munda akulamula kapitawo kuti ayambire omaliza. Akanayambira oyamba, aliyense akanalandira dinari yake n'kumapita kwawo ali wokhutira, osadziwa zimene anzake apatsidwa, ndipo pakanakhala popanda mkangano. Iye akufuna kuti aone. Ubwino wake sakuuchita mobisa ngati mphatso ya kuseri kwa nkhokwe. Akuuika poyera ngati dongosolo la munda wake. Apa m'pamene fanizoli likusiya kukhala nkhani ya munthu wachifundo n'kukhala nkhani ya Ufumu, pakuti ufumu ndi kayendetsedwe ka zinthu kamene onse okhala m'menemo ayenera kukaona ndi kukavomera.

Dandaulo la olawirira, pa vesi 12, tiyenera kulimvetsera mosamala. Sakunena kuti aberedwa. Sakunena kuti dinari yachepa. Chowapweteka n'chakuti alinganizidwa ndi anthu a ola limodzi. Pamene anaona omaliza akulandira dinari yathunthu, mumtima mwawo munabadwa chiyembekezo chatsopano choti iwo alandira zoposa, ndipo chimene chinawalanda chimwemwe ndi chiyembekezo chimenecho, osati kanthu kena kamene kanachotsedwa m'manja mwawo. Dinari imene inali yokoma 6 koloko m'mawa yasanduka yowawa 6 koloko madzulo, chikhalirecho ndi yomweyo. Chimene ataya ndi mpata umene unali pakati pa iwo ndi anzawo aja.

Pali nkhani ina ya Ayuda yofanana ndi iyi, yolembedwa mu Talmud ya ku Yerusalemu, imene imatithandiza kuona pamene Yesu anakhotera. Cha m'zaka za m'ma 300, Rabbi Zeira polira mphunzitsi wachinyamata, Rabbi Bun bar Hiyya, amene anamwalira ali ndi zaka 28, anasimba za mfumu imene inalemba antchito, n'kuchotsa mmodzi atangogwira maola awiri kuti aziyenda nayo. Madzulo anamulipira mofanana ndi onse. Anzake atadandaula, mfumu inayankha kuti iye m'maola awiri anagwira zambiri kuposa zimene iwo anagwira tsiku lonse. Yankho limenelo aliyense angalivomere, chifukwa masamu abwerera m'malo mwake. Mwini munda wa Yesu alibe yankho lotero. Sakunena kuti a 5 koloko anagwira mwamphamvu, kapena kuti anali ndi mtima wabwino kuposa enawo. Za ntchito yawo sakutchulapo n'komwe. Chifukwa chokha chimene akupereka ndi kufuna kwake.

Akuyankha munthu mmodzi, osati gulu, ndipo akumuitana ndi mawu aubwenzi amene mu Mateyu akupezekanso pawiri pokha: kwa mlendo wolowa muukwati wopanda chovala choyenera pa mutu 22, ndi kwa Yudasi m'munda wa Getsemane pa mutu 26. Ponseponse ndi mawu ofatsa olankhulidwa kwa munthu wa m'kati amene waima pangozi. Yankho lake lili ndi mbali zitatu. Akukumbutsa kuti pangano lasungidwa. Akunena kuti ali ndi ufulu pa chuma chake. Kenako akufunsa za diso la wodandaulayo, ngati laipa chifukwa cha ubwino wa iye mwini munda. Diso loipa m'Malemba a Ayuda ndi nkhani ya kuumira: Deuteronomo 15:9 amachenjeza za diso lotere pa mbale wosauka amene akufuna ngongole chaka chokhululukira ngongole chitayandikira. Nyimbo ya fuko lathu nayo inaika nsanje pamndandanda umodzi ndi njala ndi matenda, ndipo fanizoli likuonetsa mmene zitatuzi zimagwirirana: munthu amene wathawa njala lero akhoza kukwiya kuti mnzake naye waithawa.

Mbali yachiwiri ija, ya ufulu pa chuma, siyenera kudutsa popanda kuifunsa, makamaka m'dziko lino. William Herzog, m'buku lake la 1994 lonena za mafanizo a Yesu, anawerenga fanizoli mozondotsa: kwa iye mwini munda ndi mwinimalo wopondereza, amene akunyoza thukuta la aganyu pamaso pa anzawo, n'kuiwala kuti Levitiko 25 amati nthaka ndi ya Mulungu. Ife a kum'mwera kuno tikudziwa kumveka kwa mawu otere m'kamwa mwa mwini esiteti. Thangata anakhazikika pa maganizo akuti malo ndi anga, ndichita nawo zimene ndifuna, ndipo nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Tsono amene akumva kuwawa pa vesi 15 sakulota. Komabe sindigwirizana ndi Herzog. Mwini esiteti ankatchula ufulu wake pofuna kuchotsera munthu. Uyu akuutchula pofuna kuwonjezera. Sanaphwanye pangano, sanachedwetse malipiro, sanadule wina kuti apatse wina. Ufulu wokhawo umene akuuteteza ndi wopatsa munthu zoposa zimene msika ukanamupatsa. Mkhristu wolemba aganyu amene angatenge vesili kuti alipire mochepa walitembenuza dodolido.

Chimene Herzog anaona bwino n'chakuti dinari si chuma. Ndi chakudya cha banja cha tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono. Palibe amene akuchoka m'mundamo atalemera. Ndipo apa ndi pamene ndikuona cholinga cha Ufumu pansi pano monga fanizoli likuchionetsera: muyeso wa malipiro wachoka pa maola n'kupita pa chimene munthu akufunika kuti akhale ndi moyo. Gawo limodzi la magawo 12 a dinari likanakhala chilungamo cha masamu, koma silikanadyetsa mwana aliyense. Mimba ya mwana wa waganyu wa 5 koloko ndi yofanana ndi ya mwana wa wolawirira. Choyenera chimene mwini munda analonjeza 9 koloko chija chaoneka tsopano kuti n'chiyani.

Anthu ena kunja kwa tchalitchi anamva zimenezi msanga kuposa ife. John Ruskin wa ku England analemba nkhani zake za chuma mu 1860, zomwe zinatuluka ngati buku lotchedwa Unto This Last mu 1862, ndipo dzinalo analitenga m'fanizo lomweli. Mu 1904 Gandhi anawerenga bukulo m'sitima yochoka ku Johannesburg kupita ku Durban, ndipo chaka chomwecho anayambitsa mudzi wa Phoenix, kumene ogwira ntchito yosindikiza nyuzipepala yake anagwirizana zolandira mofanana.

Neno yeniyeniyo ili ndi mbiri ya munthu woima pamsika. Uthenga Wabwino unafika kuno molawirira: ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, a Seventh-day Adventist anakhazikika ku Matandani mu 1908, ndipo Matope ndi dzina lakale m'mbiri ya mpingo wa Anglican m'mbali mwa Shire. Ena mwa magetsi a dziko lino akhala akuchokera pa Nkula, m'malire a bomali, kuyambira 1966. Koma Neno inakhala boma palokha mu 2003 pamene inapatulidwa ku Mwanza, ndipo inayamba ulendo wake ilibe chipatala chachikulu cha boma. Wodwala kwambiri ankayenera kukafika ku Mwanza pamsewu wafumbi wokwera ndi kutsika mapiri, umene nthawi ya dzinja unkasanduka matope. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 138,000 m'bomali. Anthu amenewa sanachedwe kubwera. Analipo kuyambira m'mawa. Olemba ndi amene ankadutsa pa Zalewa osakhota.

Mu 2007 bungwe la Partners In Health, lomwe kuno timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ku Neno, ndipo mwa mgwirizano umenewo munatuluka chipatala chachikulu cha pa boma ndi cha ku Lisungwi. Mmodzi mwa oyambitsa bungweli mu 1987, Dokotala Paul Farmer, amene anamwalira ku Rwanda mu Febuluwale 2022, anali Mkatolika amene sankabisa kuti anaphunzira zambiri kwa wansembe wa ku Peru, Gustavo Gutiérrez, yemwe buku lake la 1971 linatsindika kuti Mulungu amayambira kwa osauka. Mkangano waukulu wa moyo wa Farmer unali wa masamu omwe aja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri ambiri ankati mankhwala otalikitsa moyo ndi okwera mtengo kwambiri kuti aperekedwe kwa amphawi, ndipo kwa iwo kukwanire kuphunzitsa za kupewa. Farmer ndi anzake anayamba kuwapereka kumudzi wa Cange ku Haiti, ponena kuti thupi la mmphawi limafuna mankhwala athunthu ngati la wolemera. Ku Neno maganizo omwewo anapitirira mu 2015, pamene chisamaliro chimene odwala HIV anali atayamba kale kulandira chinatsegulidwanso, m'kiliniki imodzi, kwa odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu, anthu amene thandizo la mayiko akunja linkawadumpha chifukwa matenda awo analibe thumba la ndalama.

Sindikunena kuti bungwe lililonse ndi Ufumu wa Mulungu. Mabungwe amadalira opereka ndalama, amasintha atsogoleri, amalakwitsa, ndipo ena amatseka. Chikhristu chimaphunzitsa kuti Ufumu wayamba kale koma sunafike pachimake, ndipo palibe chipatala, boma kapena mpingo umene ungati ndi wathu. Chimene ndikunena n'chakuti fanizoli limatipatsa maso ozindikirira kayendedwe kake tikakaona: wina wabwereranso kumsika pa ola limene palibe amene amabwerera, ndipo amene wamupeza wamupatsa chathunthu.

Limatipatsanso makutu omvera dandaulo lathu lomwe. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse, amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndiye kuti anthu a 5 koloko enieni. M'midzi mwathu ndalama zimenezi zikabwera, mawu amamveka. Ena mwa mawuwo ndi olungama: pamene mayina alembedwa mokondera, wachibale walowa, wamasiye watsala, kudandaula ndi udindo, ndipo fanizoli silikuletsa, pakuti mwini munda yekha anayamba ndi kuonetsa kuti sanalakwire aliyense. Koma pali mawu ena, akuti ife timalima, iwo amangolandira. Amene akunena zimenezi nthawi zambiri ndi wosauka naye, wotopa, wa matuza m'manja, ndipo ndimamumvera chisoni. Komabe agogo aja kulandira sikunachotse chimanga m'nkhokwe mwake. Funso limene mwini munda anafunsa limamufikira iyenso, mofatsa momwemo.

Mateyu sakutiuza ngati wodandaula uja anatenga dinari yake mokondwa kapena anachoka akung'ung'udza. Akusiya nkhaniyo ili yotsegula chifukwa oyenera kuimaliza anali pomwepo akumvetsera. Fanizoli silinanenedwe kwa Afarisi. Pa mutu 19 mnyamata wachuma wangochoka ali wachisoni, ndipo Petro wafunsa kuti iwo amene anasiya zonse adzapeza chiyani. Yesu akumulonjeza zambiri ndithu, osamunyoza, kenako akunena mawu a kusinthana malo kwa oyamba ndi omaliza, akusimba fanizoli, n'kubwerezanso mawu omwewo pa vesi 16 atawatembenuza. Olawirira ndi Petro ndi anzake. Kwa ife ndi mabanja amene agogo awo anaumba njerwa za tchalitchi, amene dzina lawo lili m'kaundula kuyambira nthawi ya amishoni, amene amamva kuwawa wobwera dzulo akasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo kapena akalandira chithandizo choyamba.

Zimene zikutsatira m'mutu womwewo zikuonetsa kuti phunzirolo silinalowe msanga. Yesu atangonena kachitatu za imfa yake, amayi a ana a Zebedayo akubwera kudzapemphera ana awo mipando iwiri yapamwamba mu Ufumu, ndipo ophunzira khumi otsalawo akupsa mtima, monga anachitira aganyu aja. Yesu akuwayankha posiyanitsa Ufumu wake ndi maufumu a anthu, kumene akuluakulu amapondereza, ndipo akudziika yekha pamalo a wotumikira. Kenako, potuluka mu Yeriko, anthu awiri osaona akhala m'mbali mwa msewu akufuula. Ndi anthu amene palibe mwini munda akanawalemba pa ola lililonse. Yesu akuima, akuwaitana, akuwafunsa chimene akufuna, monga bambo uja anafunsira otsala pamsika, ndipo akuwapatsa kuona kwathunthu. Amene ankawakalipira kuti akhale chete sanali adani a Yesu. Linali khamu lomwe linkamutsatira kuchokera mumzinda.